Kusankha sabuwufa yotsika mtengo ya chipinda chachikulu choonera mafilimu

Sabuwufa ndi sipika yotulutsa bezi yokha, mawu otsika kwambiri aja. Musanayang'ane sabuwufa iliyonse, tengani tepi muyeze chipinda. Yezani mulitali, mulifupi ndi kuchoka pansi kufika kudenga, kenako muchulukitse zitatuzo. Chipinda cha mamita 7 mulitali, mamita 5 mulifupi ndi mamita 2.7 kufika kudenga chili ndi makyubiki mita 94.5 a mpweya. Ngati chalumikizana ndi podyera kapena kanjira kam'nyumba popanda chitseko, malo amenewo muwawerengere limodzi, chifukwa bezi imalowa paliponse pamene mpweya ukudutsa. Podyera pa mamita 4 ndi 3.5 pawonjezera makyubiki mita pafupifupi 38, ndiye kuti sabuwufa yanu ikulimbana ndi 132. Kampani ya THX, imene imapereka ziphaso kwa zipangizo zoonetsera mafilimu, imaika chiphaso cha Select pa chipinda cha makyubiki mita 57, cha Ultra pa 85, ndipo cha Dominus chimafika pa 184. Mukadutsa 85, chipinda chanu ndi chachikulu, ndipo tisabuwufa tating'ono togulitsidwa pamodzi ndi masipika asanu sitingakwanitse ntchitoyi.

Chifukwa chake n'chakuti bezi imapangidwa pokankha mpweya, ndipo mawu akamatsika, mpweya wofunika kukankha umachuluka mofulumira. Ma Hz ndi chiwerengero cha maulendo amene khoni, mbale ija ya sipika, ikupita kutsogolo ndi kubwerera pa sekondi imodzi. Kuti sipika ya m'bokosi lotsekeka itulutse 20 Hz mokweza ngati mmene ikutulutsira 40 Hz, iyenera kukankha mpweya wochuluka kanayi. Nyimbo zambiri sizitsika kwenikweni kupitirira 40 Hz, pakuti chingwe chotsikitsitsa cha gitala ya bezi ya zingwe zinayi chimalira pa 41 Hz. Mafilimu amatsika kuposa apo. Kuphulika kwa bomba, bingu ndi kugwa kwa nyumba zimakhala ndi mphamvu zambiri pakati pa 20 ndi 35 Hz, mawu amene mumawamva ndi chifuwa ndi mpando kuposa makutu.

Nanga kukweza kwake kufike pati? Pokonza mawu a filimu, njira ya bezi yotchedwa LFE, ija ".1" ya mu 5.1 kapena 7.1, imaloledwa kufika 115 dB (ma dB ndi muyezo wa kukwera kwa mawu), pamene sipika iliyonse yotsalayo imafika 105 dB. Ndi ochepa amene amaonera filimu kunyumba pa mlingo umenewo. Ambiri amatsitsa ndi 10 kapena 15 dB, choncho chimene mukufuna ndi 100 mpaka 105 dB pampando pomwe mwakhala, mawu osasweka, ndi kamphamvu kena kotsala chifukwa bezi ya masipika ena imatumizidwanso ku sabuwufa yomweyo.

Apa ndi pamene ogula ambiri amasocherera, chifukwa chimene chimalembedwa ndi zilembo zazikulu pakatoni ndi mawati. Kuwirikiza kawiri mawati kumangowonjezera 3 dB basi. Kuchoka pa mawati 300 kupita pa 500 mumapindula 2.2 dB, kusiyana kumene ambiri sangakuzindikire filimu ili mkati. Tsopano yerekezani ndi kukula kwa khoni. Ya mainchi 10 ili ndi masikweya sentimita pafupifupi 340, ya mainchi 12 pafupifupi 500, ya mainchi 15 imapitirira 800. Ngati zonse zikuyenda mtunda wofanana, tinene mamilimita 15 kutsogolo, ya mainchi 12 imakankha mpweya wa malita 0.75, ya mainchi 15 malita 1.2. Kusiyana kumeneko ndi 4 dB, ndipo ampulifaya singakubweze ngati khoni yaing'onoyo yafika kale pamapeto a ulendo wake. Mukaiwonjezera mphamvu pamenepo, koyilo, waya wokulungidwa umene umayendetsa khoni, imangotentha ndipo mawu amasweka. Pa mawati, werengani okhawo olembedwa RMS, mphamvu imene ampulifaya ingapereke mosalekeza. Olembedwa peak, mphamvu ya kamphindi chabe, amakhala owirikiza kawiri kapena kuposa, ndipo a PMPO musawawerenge n'komwe, alibe muyezo weniweni.

Mabokosi alipo amitundu iwiri. Lotsekeka lilibe bowo, ndi laling'ono, ndipo mphamvu yake imatsika pang'onopang'ono, 12 dB nthawi iliyonse pamene ma Hz atsika ndi theka. Labowo lili ndi paipi kapena mpata wotchunidwa pa Hz inayake, kawirikawiri pafupi ndi 20 Hz kwa masabuwufa abwino a mafilimu. Pafupi ndi Hz imeneyo mpweya wa m'paipi ndiwo umagwira ntchito yaikulu, khoni n'kumangosuntha pang'ono, ndipo bokosilo limatulutsa ma dB angapo kuposa lotsekeka la sipika ndi ampulifaya zofanana. Pansi pa Hz yotchunidwayo mphamvu imagwa mofulumira, 24 dB pa theka lililonse.

M'chipinda chaching'ono bokosi lotsekeka limathandizidwa ndi makoma. Pansi pa Hz inayake chipinda chimayamba kudzaza ngati tayala lopopedwa, ndipo bezi imakwera yokha. Hz imeneyo mumaipeza pogawa 343, liwiro la mawu m'mamita pa sekondi, ndi mulitali wa chipinda wowirikiza kawiri. Chipinda cha mamita 4 chimayamba kuthandiza cha pa 43 Hz. Cha mamita 7 chimadikira mpaka 24.5 Hz, ndipo ngati chili ndi khomo lopanda chitseko thandizolo limachepanso. Ndiye kwa chipinda chachikulu ndi ndalama zochepa, ife timalangiza bokosi labowo mosakayika. Zoti bokosi labowo limachedwa kapena limangoti "buu" osamveka bwino zimachokera ku mabokosi otchipa otchunidwa pamwamba, cha pa 40 kapena 50 Hz, kuti azimveka aukali m'sitolo. Lotchunidwa pa 20 Hz, loikidwa pamalo oyenera, limaimba nyimbo bwinobwino. Chovuta chake ndi kukula: za mainchi 15 zambiri zimalemera kupitirira makilogalamu 30, ndiye yezani malo ndi chitseko musanaitanitse.

Papepala la wopanga, mawu oti "imatsika mpaka 18 Hz" alibe ntchito ngati sanalembe pambali pake ±3 dB, malire a mmene mawu angakwerere kapena kuchepera, ndipo ngakhale alembe, sakukuuzani kuti ifika mokweza bwanji pamenepo. Muyezo wothandiza ndi wa CTA-2010, umene kale unkatchedwa CEA-2010. Sabuwufa imayesedwa panja, kutali ndi makoma, pa 20, 25, 31.5, 40, 50 ndi 63 Hz, kuona kuti ikweza kufika pati mawu asanasweke kupitirira malire. Mawebusayiti a Audioholics ndi Data-Bass anafalitsa zotsatira zotere. Chenjerani poyerekeza: ena amalemba zoyezedwa pa mita imodzi ndi peak, ena pa mamita awiri ndi RMS, ndipo kusiyana kwa njira ziwirizi ndi 9 dB. Sabuwufa yofooka ikhoza kuoneka yamphamvu chabe chifukwa cha njira yolembera. Yang'anani kwambiri manambala a 20, 25 ndi 31.5 Hz, chifukwa pa 50 ndi 63 Hz pafupifupi iliyonse imachita bwino.

Makampani ogulitsa okha pa intaneti ndiwo kawirikawiri amapereka mpweya wochuluka pa ndalama zochepa. SVS PB-1000 Pro ndi ya mainchi 12, yabowo, ya mawati 325 RMS, ndipo PB-2000 Pro ili ndi mawati 550. Hsu Research anapanga VTF-2 ya mainchi 12 ndi VTF-3 MK5 ya mainchi 15. Monoprice ali ndi mtundu wa Monolith, wokhala ndi chiphaso cha THX. Kwa chipinda cha makyubiki mita 85 mpaka 100, ya mainchi 12 imodzi yabowo ndi poyambira chabe. Mukapitirira 120, ganizirani ya mainchi 15 kapena ziwiri za mainchi 12. Mukamaitanitsa kuchokera kudziko lina, onani ngati ampulifaya yake ndi ya 120 V, ya 230 V kapena imalandira zonse. Masabuwufa a zoimbira za pa siteji amakweza kwambiri koma ambiri amathera cha pa 40 Hz, ndiye theka la bezi ya filimu silimveka. A m'galimoto amapangidwira kampata kakang'ono ndipo amafuna ampulifaya yawoyawo.

Funso limene limasintha zinthu kwambiri ndi ili: imodzi yaikulu kapena awiri apakati? Funde la mawu a 20 Hz ndi lalitali mamita 17, la 80 Hz mamita 4.3, ndiye mafundewa amagunda makoma n'kubwerera kudzakumana ndi anzawo. Pena amaphatikizana bezi n'kuchuluka, pena amafafanizana bezi n'kusowa. M'chipinda chathu cha mamita 7 ndi 5 ndi 2.7, izi zimachitika pa 24.5 Hz mulitali, 34 Hz mulifupi ndi 63.5 Hz pakati pa pansi ndi denga, komanso pa manambala owirikiza a amenewa. Amene wakhala pakatikati pa chipinda, mamita 3.5 kuchoka kukhoma lakutsogolo, amataya 24.5 Hz pafupifupi yonse. Wakhala mogunda khoma lakumbuyo amaimva mopitirira muyezo. Kugula sabuwufa yamphamvu sikuchotsa vutoli, chifukwa funde lobwerera limakula limodzi ndi funde lopita. Ikwalaiza, chida chokweza kapena kutsitsa ma Hz amene mwasankha, imatha kutsitsa pamene bezi yachuluka, koma singadzaze pamene yafafanizika. Kukweza 6 dB kumadya mphamvu yowirikiza kanayi popanda phindu.

Todd Welti wa ku kampani ya Harman anafufuza nkhaniyi ndipo anasonyeza kuti masabuwufa awiri oikidwa pakati pa makoma awiri oyang'anana, kapena anayi oikidwa bwino, amachititsa kuti bezi ifanane pamipando yosiyanasiyana m'chipinda cha ngodya zinayi. Choncho ngati mumaonera anthu ambiri pamipando ingapo, awiri ofanana a mainchi 12 amaposa imodzi yokwera mtengo. Mukawaika pamodzi amawonjezera 6 dB. Mukawatalikitsa amawonjezera pakati pa 3 ndi 6 dB, koma bezi imafalikira bwino. Ngati ndalama zikukwanira imodzi yokha, gulani imodzi yabwino ya mtundu umene udzapezekebe, yachiwiri mudzawonjezere m'tsogolo. Awiri ofooka osafika 30 Hz amakhalabe osafika 30 Hz. Musaphatikize yabowo ndi yotsekeka, kapena yaikulu ndi yaing'ono, chifukwa yofookayo imayamba kusweka inayo isanafike pamphamvu yake, ndipo kuzigwirizanitsa n'kovuta.

Malo oika sabuwufa imodzi mungawapeze popanda chida. Ikwezeni pampando pomwe mumakhala, ikani mawu oyesera oyenda kuchoka pa 25 kufika pa 80 Hz, ndipo inu mukwawe m'mbali mwa makoma, mutu uli pafupi ndi pansi. Pamene mawu onse akumveka mofanana, popanda ena kubangula ena kuzimiririka, ndi pamene iyenera kukhala. Pakona pamapereka mphamvu yochuluka, zimene zimathandiza m'chipinda chachikulu, koma pamadzutsanso mafunde onse a chipindacho, ndiye payeseni m'malo mongoganizira. Ngati bowo lili kumbuyo, siyani mpata wa masentimita 10 kapena 15 kuchoka kukhoma. Wofuna kuona bwinobwino zimene zikuchitika agwiritse ntchito pulogalamu yaulere ya REW pa kompyuta ndi maikolofoni yoyezera ngati UMIK-1 ya miniDSP.

Polumikiza, chingwe cha RCA chichoke pa Sub Out ya risiva, chipangizo chogawa mawu ku masipika onse, kupita pa LFE ya sabuwufa. Kabatani kodula mawu apamwamba kumbuyo kwa sabuwufa mukatembenuze mpaka pa Hz yapamwamba kwambiri, kuti risiva yokha ndiyo idule. M'menyu ikani masipika onse pa Small, ngakhale aataliatali, ndipo malire a bezi yopita ku sabuwufa ayambire pa 80 Hz. Kabatani ka voliyumu kayambire pansi pang'ono pa theka, kenako yendetsani pulogalamu yoyeza chipinda, Audyssey, YPAO kapena Dirac, malinga ndi risiva yanu. Pa marisiva a Denon ndi Marantz, mukaona sabuwufa yaikidwa pa -12 dB, ndiye kuti yafika pamalire. Tsitsani kabatani muyezenso. Mtunda wa sabuwufa umene risiva yalemba ukaposa wa tepi, musaukonze. Ampulifaya ya sabuwufa imachedwetsa mawu pang'ono, ndipo milisekondi imodzi ndi yofanana ndi masentimita 34.

Phokoso la mpweya wofwenthera pabowo filimu ikafika pophulika limatanthauza kuti bokosilo lafika pamapeto ake. Tsitsani ndi 3 dB kapena isunthireni pakona. Kugogoda kouma ndi koyilo imene ikugunda kumbuyo, ndipo mukakumva tsitsani nthawi yomweyo. Kulira kosalekeza kwa 50 kapena 60 Hz muyese pozula chingwe cha RCA: kukasiya, vuto ndi mawaya a efi odutsa njira ziwiri, nthawi zambiri kudzera pa chingwe cha dishi kapena eriyo, ndipo kulumikiza zipangizo zonse pa soketi imodzi kumathandiza. Musadule phini ya efi, n'zoopsa. Kukapitirira chingwe chitazulidwa, vuto lili mu ampulifaya. Kunjenjemera kwina sikwa sabuwufa, koma kwa magalasi a mawindo, zitseko za kabati kapena mafelemu a zithunzi.

Yogwiritsidwa kale ntchito imapulumutsa ndalama zambiri, bola muiyese musanalipire. Itazimitsidwa, kankhani khoni pang'onopang'ono ndi zala zotambasula mozungulira pakati. Kukhulana kapena kukanda kulikonse ndi chizindikiro cha koyilo yopsa. Onani mphira wa m'mphepete ngati wang'aluka kapena wayamba kunyenyeka. Kenako iyatseni iimbe mokweza kwa mphindi 20, chifukwa ampulifaya yodwala imayamba bwino n'kudzazima ikatentha, ndipo ampulifaya ndi imene kawirikawiri imafa msanga kuposa sipika. Funsaninso ngati wopangayo akugulitsabe ampulifaya ya mtundu umenewo payokha.