Kuphatikiza ma CDSS ang'onoang'ono ku Dedza: mafunso ndi mayankho

N'chifukwa chiyani mwana wa pa CDSS (Community Day Secondary School, sekondale yoyendera) ya kumudzi sakhala ndi mwayi wosankha maphunziro?

Gwero lake ndi aphunzitsi ndi zipangizo. Ma CDSS ambiri anali ma DEC, malo ophunzirira patali a Malawi College of Distance Education (MCDE), ndipo boma linawasandutsa sukulu za sekondale mu 1998, ambiri opanda labotale kapena laibulale. Sukulu ya makalasi anayi okha, Fomu 1 mpaka Fomu 4, imapatsidwanso aphunzitsi ochepa. Physical Science itagawidwa kukhala Physics ndi Chemistry, ntchito inachuluka koma ophunzitsa sayansi sanachuluke. Phunziro likasowa mwini wake, ahedi amangolichotsa pa taimutebulo. Za Computer Studies pa sukulu yopanda magetsi n'zosayamba n'komwe.

Nanga zikuvuta pati, poti ana akukhozabe MSCE?

Satifiketi ya MSCE, yomwe limapereka bungwe la mayeso la MANEB, imafuna kukhoza maphunziro 6, kuphatikizapo Chingerezi, limodzi mwa iwo likhale la kirediti. Koma yunivesite za boma zimafuna makirediti 6, ndipo kosi iliyonse ili ndi maphunziro ake. Udokotala ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS umafuna Biology, Chemistry, Physics ndi Masamu. Mwana wa ku Mayani akhoza kupeza mapointi abwino zedi, koma ngati Chemistry sanaiphunzirepo, khomo limenelo linatsekeka ali Fomu 3.

Kuphatikiza kumatanthauza chiyani?

Ndi ganizo loti sukulu ziwiri kapena zitatu zoyandikana zikhale imodzi, ana ndi aphunzitsi asonkhane pamodzi. Kalasi iliyonse ikakhala ndi magulu angapo, wa Physics amaphunzitsa Physics yekhayo m'malo mogwirizira Chichewa ndi Bible Knowledge, ndipo labotale imodzi imakwanira onse.

Kodi si zomwezi za ma cluster?

Ayi. Mu cluster sukulu zoyandikana zimathandizana: aphunzitsi amakumana, amakonzera limodzi mayeso a moko, nthawi zina kubwerekana zipangizo. Koma sukulu iliyonse imakhalabe pamalo pake ndi ahedi ake.

Ana adzayenda mtunda wotani?

Apa ndiye pagona nkhani. CDSS ndi sukulu yoyendera, ndipo inamangidwa pafupi kuti mwana azigona kwawo. Pakati pa Bembeke ndi Mtakataka pali chitsetse cha phiri, ndipo mtsinje wa Linthipe kapena wa Diamphwe ukadzaza nthawi ya dzinja njinga siithandiza. Mu June, mwana wonyamuka m'bandakucha amafika zala zitauma, cholembera osagwirika. Sukulu ikatalika, makolo amapezera ana tinyumba ta lendi pa trading centre, zija za self-boarding: atsikana anayi chipinda chimodzi, kathumba ka ufa pakona, mbaula pakhomo, wowayang'anira palibe. Mimba zambiri zimayambira kumeneko. Ine ndimaona kuti kuphatikiza kopanda hositelo, makamaka ya atsikana, n'kungosamutsa vuto.

Makolo ali ndi mawu?

Ayenera kukhala nawo, pakuti njerwa za midadada yambiri anaumba ndi iwowo. Dedza ndi Ntcheu zili pansi pa Central West Education Division, ndipo dandaulo limayambira ku komiti ya sukulu ndi PTA, kudzera kwa ahedi. Nkhaniyi ikabwera kwanu, funsani izi: maphunziro atsopano ndi ati, aphunzitsi ake afika kale kapena akungolonjezedwa, ana adzagona kuti, ndipo midadada yotsalayo idzagwira ntchito yanji.