Mwana Akagwa Mumtengo wa Mango, Musamange Mkono Kunyumba

Mango ayamba kupsa kuno ku Zomba, ndipo ana ayambanso kugwa m'mitengo. Uthengawu ukupita kwa makolo, agogo ndi aphunzitsi a m'sukulu za pulayimale, kuyambira ku Chingale mpaka kugombe la nyanja ya Chilwa. Mwana akagwa, mkono kapena mwendo n'kutupa, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Mawu akuti "wangobinya, tingomuthowa" ndi amene akupundula ana athu.

Za m'mabuku tidutsepo mwachangu. Munthu wamkulu ali ndi mafupa 206. Khanda limabadwa ndi mafupa pafupifupi 300, ndipo ena amalumikizana likamakula. Fupa limalimba ndi kashiamu, amene timam'peza m'matemba ndi usipa tikadya ndi minga yomwe, mumkaka ndi m'masamba monga bonongwe. Kuwala kwa dzuwa kumathandiza thupi kupanga vitamini D. Izi ana amaloweza bwinobwino.

Koma aphunzitsi, phunziro la mafupa lisathere pabolodi. Tulukani ndi ana panja, aliyense atole kamtengo kouma ndi kanthambi kakawisi. Kouma kamaduka kamodzi n'kamodzi. Kakawisi kamapindika, n'kung'aluka mbali imodzi, koma osalekana. Fupa la mwana nthawi zambiri limathyoka ngati kakawisiko. N'chifukwa chake mwana amatha kugwedeza zala, mwinanso kunyamula kapu, fupa lili lothyoka. Makolo, mwamva? Kugwedeza zala si umboni woti fupa lili bwino. Chimene chimaona m'kati ndi makina ojambulira a kuchipatala, osati dzanja la amalume ake.

Mukhozanso kuviika fupa la nkhuku mu viniga kwa sabata imodzi, ana aone mmene limafewera kashiamu akachoka. Koma chofunika kuposa zonse ndi ichi: mwana aliyense atsine chikhadabo chake mpaka chiyere, kenako asiye. Kufiira kumabwerera asanawerenge kufika pa 3. Muwauze kuti amenewo ndi magazi akuyenda, ndipo chala cha mkono wovulala chikakhala chotuwa, chozizira kapena chadzanzi, magazi atsekeka. Mwana wa Sitandade 4 akhoza kupulumutsa mng'ono wake ndi nzeru imeneyi. Muwauzenso kuti akagwa aziulula. Ambiri amabisa mkono m'malaya poopa kukwapulidwa chifukwa anakwera mtengo wa eni ake. Za mangozo mudzakamba mwana atachira.

Tibwerere ku zomanga kunyumba, chifukwa ndi pamene pagona ngozi. Mwana akagwa amatsogoza dzanja, ndipo kawirikawiri fupa limathyokera pamwamba pang'ono pa chigongono, pamene pamadutsa mtsempha waukulu wa magazi. Pamalopo pamatupa kwambiri. Ndiye wina amabwera ndi timapale ta nsungwi, n'kukulunga ndi luzi kapena mphira mothinitsa, ati kuti fupa ligwirane. Mkono ukutupa, chingwe sichikutamuka, magazi adutsa pati? Minofu imayamba kufa m'maola ochepa chabe. Mwana akalira usiku wonse timati ndi mankhwala akugwira ntchito. Ayi ndithu. Mkono wotero umatha kuuma zala zitapindika moyo wonse, kapena kuwola mpaka madokotala kusowa chochita koma kuudula.

Kutemera mphini pamalo otupa kumatsegulira njira tizilombo, kuphatikizapo ta kafumbata. Kukoka ndi kutikita kumasuntha fupa n'kuvulaza mitsempha. Kudikira nakonso sikuthandiza: fupa la mwana limagwirana msanga, ndiye mukabwera patapita masabata awiri kapena atatu limakhala litayamba kale kugwirana mokhota. Zimene zikanatheka ndi chikhakha zimafuna opaleshoni, mwina mpaka ku Blantyre, ku Queens kapena ku Beit CURE. Tikudziwa kuti ndalama ya kabaza imavuta, koma ulendo wa ku Blantyre ndi wodula koposa.

Chochita n'chochepa. Musawongole mkonowo. Ugonekeni pa katoni yopinda, muukoleke m'khosi ndi chitenje momasuka, chala chanu chizitha kulowa pansi pa nsaluyo. Ngati pali bala kapena fupa likuonekera, phimbani ndi nsalu yoyera, osathirapo kanthu. Panado mukhoza kum'patsa, koma chakudya chiyambe chadikira, chifukwa mwina madokotala adzafunika kum'goneka tulo ndi mankhwala. Pitani kuchipatala chimene muli nacho pafupi, kaya ndi ku Matawale, ku Domasi kapena ku Thondwe, ndipo akakutumizani ku Zomba Central musakhotere kunyumba.

Akamuika chikhakha, musachiboole kapena kuchichotsa nokha ngakhale mwana anene kuti chikuyabwa. Koma zala zikatupa, zikazizira, zikachita dzanzi, kapena ululu ukamakulirakulira, bwererani naye nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.