Kodi lizi imakulolani kumanga mpaka kumpanda?

Pali nkhani yomwe imamveka kawirikawiri, makamaka kwa amisiri ofuna kuyamba ntchito msanga. Akuti ukangokhala ndi lizi ya poloti, ungathe kumanga paliponse m'kati mwake, ngakhale kugunditsa khoma la nyumba kumpanda wa neba. Limeneli ndi bodza.

Lizi imangosonyeza kuti malowo ali m'manja mwanu. Kamangidwe kali ndi lamulo lakelake, la Physical Planning Act la 2016, lomwe linalowa m'malo mwa lamulo la 1988. Ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba, pulani ya nyumba iyenera kuvomerezedwa kukhonsolo musanakumbe maziko, ndipo pakati pa zomwe amayang'ana pali mpata wotsala kutsogolo, m'mbali ndi kumbuyo. Mpatawu sufanana paliponse: mwachitsanzo ku Lilongwe, mapoloti akuluakulu a ku Area 10 ali ndi muyezo wosiyana ndi ang'onoang'ono a ku Area 25.

Ena amati lamuloli ndi njira yongodyera ndalama za anthu. Koma taimani panyumba yomangidwa mothinana nthawi ya dzinja. Madzi a padenga la malata amakhuthukira pakhonde la neba, zenera limatsegukira kukhoma, ndipo thanki ya chimbudzi ikadzaza, galimoto yopopa ilibe polowera. Moto ukabuka ndiye osanena.

Kugawa poloti pawiri kuti mugulitse mbali ina nakonso kumafuna chilolezo. Mukamanga popanda chilolezo, khonsolo ili ndi mphamvu yoimitsa ntchitoyo, ngakhale kugwetsa chomwe mwamangacho.