Windows Update ikamakana nthawi zonse poyatsa, yambani mwayang'ana wotchi

Mayi ena amene amasunga malipoti a ana pasukulu ina anandibweretsera laputopu yawo atayikulunga m'chitenje. Dandaulo lawo linali limodzi: akangoyatsa, pakona ya sikirini pamatuluka uthenga woti ma update alephera, mawa lake chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi. Anali atadzera kale kwa mnyamata wina wokonza mafoni, amene anawauza kuti mankhwala ake ndi kufomata basi. M'menemo munali mafayilo a zaka zitatu, opanda kopi kwina kulikonse. Nditayatsa, maso anga anapita pansi kudzanja lamanja pamene pamakhala nthawi. Kompyutayo inkati tili mu Januwale 2012. Vuto lonse linagona pamenepo, ndipo linatha ndi kabatire kamodzi.

Mawu akuti "ingofomatani" amandipweteka mtima, chifukwa awonongetsa ntchito za anthu ambiri pa mavuto amene akanatha osafufuta kalikonse. Windows Update ikalephera imanena chimene chayilepheretsa. Kungoti imanena m'manambala, ndiye ambiri amangodina kuti uthengawo uchoke.

Chimene timachitchula kuti Windows Update si pulogalamu imodzi. Kompyuta ikamayaka, pamadzuka antchito angapo amene sitiwaona. Mmodzi, dzina lake wuauserv, amafunsa kwa Microsoft ngati kuli zatsopano. Wina, BITS, ndi wonyamula katundu: amatsitsa mafayilo pang'onopang'ono, ndipo intaneti ikaduka amadzapitiriza pamene analekezera. Wachitatu, Cryptographic Services, amaona chidindo, kutsimikiza kuti fayilo yachokeradi kwa Microsoft ndipo palibe waisintha m'njira. Mmodzi mwa atatuwa akapunthwa, ulendo wonse waima, ndipo poti amayesanso nthawi iliyonse mukayatsa, uthenga womwewo umakulonjerani m'mawa uliwonse.

Nkhani ya wotchi ikukhudza chidindo chija. Ziphaso zimene makompyuta amadziwirana nazo pa intaneti zili ndi tsiku loyambira ndi tsiku lothera. Kompyuta yanu ikamakhulupirira kuti tili mu 2012, chiphaso cha chaka chino imachiona ngati chosayamba kugwira ntchito, ndiye imakana kulankhula ndi mwini wake. Nambala imene imatuluka kawirikawiri ndi 0x80072F8F. Chimene chimasunga nthawi kompyuta ikazima ndi kabatire kozungulira ngati kakhobidi, kolembedwa CR2032, ka mavoti 3. Pa desikitopu mukatsegula chivundikiro mumakaona kakung'anima pa bolodi, ndipo kamachoka mukakankha kachitsulo kokapana ndi chikhadabo. Pa malaputopu ambiri kamakhala kokutidwa ndi pulasitiki, kali ndi timawaya tiwiri, kobisika mkati, kotero apo ndi bwino kupita kwa wodziwa. Chizindikiro choti katha n'chosavuta: mwakonza tsiku lero, mwazimitsa ndi kuchotsa kumagetsi, mawa labwereranso kumbuyo. Makompyuta akaunjika amabwera atagwira kale ntchito zaka zambiri kunja, n'chifukwa chake matendawa ndi ofala kuno. Pokonzapo, sankhaninso chigawo cha nthawi cholembedwa Harare, Pretoria, chimene chili UTC+02:00, poti ndiyo nthawi yathu.

Wotchi ikakhala kuti ili bwino, pitani ku Settings, kenako Windows Update, mutsegule Update history. Pafupi ndi update imene yalephera pali nambala yoyamba ndi 0x. Ijambuleni ndi foni, chifukwa kulemba pamanja n'kosavuta kudumpha ziro mmodzi.

Mukaona 0x80070070, malo atha. Timalaputopu totsika mtengo ta magigabayiti 32 kapena 64 timadzaza msanga, ndipo update imafuna malo otsitsira, omasulira, ndi osungira zakale kuti izibwezeretse zinthu zikavuta. Samutsirani makanema a ukwati ndi nyimbo pa fulashi, muyendetse Disk Cleanup, muyesenso.

Nambala 0x80070422 ndiyo imene ndimaimvera chisoni, chifukwa imatanthauza kuti munthu anachita kuzimitsa dala. Ndipo chifukwa chake ndimachimvetsa. Bandulo ndi ndalama, ndipo zimawawa kugula data yoti mutumizire ntchito, n'kupeza kuti kompyuta yameza yonse musanatsegule n'komwe imelo. Ndiye wina amalowa mkati n'kuika Windows Update pa Disabled, kapena amaikamo kapulogalamu kotsekera. Kuti mutsegulenso, dinani batani la Windows pamodzi ndi R, mulembe services.msc, mupeze Windows Update pamndandanda, musinthe Startup type kuchoka pa Disabled kupita pa Manual. Onaninso kuti BITS sinatsekedwe. Njira yabwino yotetezera bandulo ilipo kale: pa netiweki ya foni yanu yatsani Metered connection, ndipo Windows idzadziletsa kutsitsa zinthu zikuluzikulu. Muthanso kuimitsa ma update mpaka masabata asanu, n'kudzawatsitsa tsiku limene mwafika pamalo pa Wi-Fi.

Vuto limene ndimakumana nalo kwambiri ndi la fayilo yoduka. Update inali pakati, magetsi anathima, batire la laputopu linafa kalekale, kompyuta inangoti zii. Fayilo ija yatsala theka m'nkhokwe yotchedwa SoftwareDistribution, mu foda ya Windows. Poyatsa, wuauserv amaipeza, amayesa kuigwiritsa ntchito, chidindo sichikugwirizana, walephera. Mawa amaipezanso pomwepo. Manambala ngati 0x80070002 nthawi zambiri amaloza kuno. Yambani ndi chida chimene Windows ili nacho kale, pansi pa Troubleshoot mu Settings. Chikakanika, mukhuthule nkhokweyo nokha. Tsegulani Command Prompt podina kumanja ndi kusankha Run as administrator. Lembani net stop wuauserv n'kudina Enter, kenako net stop bits, kenako net stop cryptsvc. Antchito atatu aja tsopano akhala pansi. Mukatero lembani ren C:\Windows\SoftwareDistribution SoftwareDistribution.old, muzimitse kompyuta ndi kuyatsanso. Ndimakonda kusintha dzina kusiyana ndi kufufuta, chifukwa chinthu chikalakwika foda yakale ikadalipo. Windows imamanga nkhokwe yatsopano yokha. Zithunzi ndi makalata anu sizikhudzidwa, koma dziwani kuti itsitsanso zonse kuyambira pachiyambi, kotero musachite izi bandulo ili pafupi kutha.

Zikakanikabe, makamaka mukaona 0x80073712, ndiye kuti mafayilo a Windows yeniyeniyo avulala. Mu Command Prompt muja lembani DISM /Online /Cleanup-Image /RestoreHealth, intaneti ili yoyaka. Imafika pena n'kuoneka ngati yaima. Musaidule, pitani mukamwe tiyi. Ikamaliza, lembani sfc /scannow. Dongosolo lake ndi lomweli, DISM poyamba, chifukwa sfc imatenga zigamba zake m'nkhokwe ina, ya mafayilo a Windows yeniyeniyo, imene DISM imakonza.

Nthawi zina uthenga wovutitsawo suchokera kwa Windows ayi. Opanga makompyuta amaikamo mapulogalamu awoawo, monga HP Support Assistant, Dell Update kapena Lenovo Vantage, ndipo nawo amadzuka poyatsa. Werengani dzina lili pamwamba pa uthengawo. Mukadina Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, Task Manager imatseguka, ndipo pa Startup mumaona onse amene amadzuka nayo kompyuta. Pulogalamu yotereyi ikamagwa, ichotseni, mutsitse yatsopano patsamba la kampani imene inapanga kompyutayo, osati kwina. Ikakupemphani kusintha BIOS, kapulogalamu ka pa bolodi kamene kamadzutsa kompyuta Windows isanayambe, apo pokha ndikuchenjezani mwamphamvu: batire likhale lodzaza, chaja chili cholumikiza, ndipo pa desikitopu yopanda UPS, batire losunga mphamvu magetsi akathima, musayerekeze nthawi imene magetsi akuvuta. BIOS ikaduka pakati, kompyuta ikhoza kukana kuyaka n'komwe. Uthenga umene watulukira mkati mwa tsamba la intaneti, wokuuzani kuti dinani msanga kompyuta yanu ili pangozi, umenewo ndi msampha. Tsekani tsambalo.

Wina angafunse kuti bwanji osangozisiya, poti kompyuta ikugwirabe ntchito. Mu Meyi 2017 vayirasi ya WannaCry inatseka mafayilo m'makompyuta a mayiko ambiri, ndipo ku Britain zipatala za boma za NHS zinabweza odwala. Khomo limene inalowera, Microsoft inali italitseka kale mu Malichi chaka chomwecho. Amene anagwidwa ndi amene chigamba chotseka khomolo, kunena update ya chitetezo, sichinafike pa makompyuta awo. Zigamba zoterezi zimatuluka Lachiwiri lachiwiri la mwezi uliwonse, ndipo kompyuta imene yakhala ikukana kwa chaka yaphonya khumi ndi ziwiri.

Palinso kukana kumene kulibe mankhwala. Windows 7 inasiya kulandira zigamba pa 14 Januwale 2020, ndipo chithandizo cha nthawi zonse cha Windows 10 chinatha pa 14 Okutobala 2025. Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, kamene makompyuta ambiri akale alibe. Pamenepo nkhani yasanduka yosintha makina kapena kuikamo Linux, pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows.

Malo amodzi pamene ine ndimaimitsa kukonza konse ndi awa: mwakhuthula nkhokwe, DISM yamaliza bwino, patapita masiku mafayilo avulalanso, kompyuta ikuchedwa kuyaka, ndipo mukatchera khutu pafupi mukumva hadi disiki ikugogoda kuti ke, ke, ke. Apo disikiyo ikufa. Siyani ma update, tengani fulashi kapena disiki yakunja, mukopere mafayilo anu tsiku lomwelo, kuyambira amene simungawapezenso kwina.