Akamamva kutsina sindiye kuti akunamizira

Pali mawu amene anditopetsa m'chipinda choonera odwala: "Adokotala, komatu tikawatsina akumamva." Amawanena monong'ona, wodwala atatuluka, ngati akundiululira chinsinsi. Chimene akutanthauza chimakhala chimodzi mwa ziwiri, kuti munthuyu akunamizira, kapena kuti pali dzanja la munthu. Amati matenda enieni angaphe bwanji mkono koma khungu n'kumamva, maso n'kumayenda, mkodzo osatayika?

Angathe ndithu, ndipo umo ndi mmene matenda a motor neuron amachitira. Ena amawatcha MND, ndipo mtundu wake wofala ndi ALS. Dokotala wa ku Paris, Jean-Martin Charcot, anawalongosola mu 1869. Matendawa amasankha. Amapha maselo olamula minofu, a mu ubongo ndi a mumsana, n'kusiya maselo omvera kukhudza, kutentha ndi ululu. Ngakhale pakati pa olamula minofuwo, sawatenga onse mofanana.

Amene sachoka m'mutu mwanga ndi bambo wina, telala, wa zaka za m'ma 50. Chinayamba n'chala chachikulu cha kumanja: sizasi inkapulumuka, singano osagwirika. Nditawatambasula dzanja, mnofu wa pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala unali utaphwa, pali kadzenje, pamene mbali ya kachala kakang'ono inali idakali yodzadza. Paphewa mnofu unkadumphadumpha pansi pa khungu. Pamkono ponse panali mphini, zina zakale, zina zisanapole. Anali atayenda nazo chaka ndi miyezi, mbuzi zitatha m'khola, ndipo alamu awo anali atawauza kale amene "anawaponda".

Tsono n'chifukwa chiyani chala, osati diso?

Choyamba ndi kutalika. Selo lolamula mnofu wa kuphazi limakhala m'munsi mwa msana, thupi lake losakwana n'komwe gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita, koma ulusi wake wonyamula uthenga kupita kumnofu umatha kufika mita yathunthu. Zambiri zofunika kunsonga kwa ulusiwo zimapangidwa kumsana n'kunyamulidwa mtunda wonsewo. Zili ngati golosale imodzi yodyetsa mudzi wakutali kudzera m'kanjira kamodzi: kabaza akangoyamba kuchedwa, oyamba kugona ndi njala ndi a kumapeto. M'matendawa nsonga za ulusi zimayamba kulekana ndi mnofu selo lenilenilo lisanafe. Maselo akuluakulu a mu ubongo otchedwa Betz, amene amatumiza malamulo kumsana, nawonso ali ndi ulusi wautali chomwecho.

Chachiwiri ndi katundu. Selo limodzi la mnofu wa katumba limalamula timaulusi ta mnofu topitirira 1,000, pamene loyendetsa diso limalamula pafupifupi 10 basi. Ndipo oyamba kugwa amakhala maselo akuluakulu a ntchito yadzidzidzi ndi yamphamvu, monga kulumpha ngalande kapena kutukula thumba la chimanga. Ang'onoang'ono, a ntchito yapang'onopang'ono, amapirira nthawi yaitali.

Chachitatu, chimene ineyo ndimachiona chokhutiritsa kwambiri, ndi calcium. Selo likalandira uthenga kudzera m'mankhwala a m'thupi otchedwa glutamate, calcium amalowa mkati. Wochepa ndi wofunika, wochuluka ndi poizoni, chifukwa amawononga mitochondria, tizigawo topanga mphamvu. Maselo amakhala ndi mapuloteni omwa calcium wotsala ngati siponji, parvalbumin ndi calbindin. Maselo oyendetsa maso ali nawo ambiri. A manja, miyendo ndi lilime ali nawo ochepa, chikhalirecho makomo awo olandirira glutamate amalowetsa calcium mosavuta. Onjezanipo puloteni ya TDP-43, imene mu 2006 inapezeka kuti imachoka pamalo pake n'kuunjikana ngati zinyalala mwa odwala ALS pafupifupi onse. Puloteniyi ili m'maselo a thupi lonse, koma selo lolemedwa kale ndi limene limalephera kusesa. Kunsi kwenikweni kwa msana kuli kagulu kena ka maselo, Onuf's nucleus, kolamula potulukira mkodzo ndi chimbudzi, ndipo nako kamapirira mpaka mochedwa. Ndiye mukamati "sakudzikodzera, si matenda amenewa", mukundiwerengera zizindikiro za matenda omwewo.

Tsopano chimene chimandipweteka. Selo likafa, anzake oyandikana amaphuka nthambi n'kutenga mnofu wosiyidwawo, monga malume atengera ana amasiye. Munthu saona kanthu. Koma malume uja tsopano akudyetsa nyumba ziwiri, kenako zitatu, ndiye naye amatopa msanga. Pofika tsiku limene sizasi ikupulumuka, maselo ambiri anapita kale. Miyezi imene mumathera kwa asing'anga ikuchoka pa nthawi imene inali yochepa kale.

Mudzati tipitirenji kuchipatala poti mankhwala ochiza palibe. N'zoona, palibe. Mankhwala a riluzole, amene anavomerezedwa mu 1995 ndipo amachepetsa mphamvu ya glutamate, amangowonjezera miyezi yochepa. Ambiri amakhala zaka 2 mpaka 5 chiyambireni zizindikiro. Stephen Hawking, wasayansi wa ku Britain amene anapezeka nawo mu 1963 n'kukhala ndi moyo mpaka 2018, anali wapadera. Joost van der Westhuizen, katswiri wa rugby wa ku South Africa, anapezeka nawo mu 2011 n'kumwalira mu 2017 ali ndi zaka 45. Koma si dzanja lililonse lophwa limene lili MND. Mafupa a m'khosi opanikiza msana, TB ya msana, ngakhale HIV, zimatha kuoneka chimodzimodzi poyamba, ndipo zimenezi zili ndi thandizo mukafulumira. Kumadera odalira chinangwa kulinso nthenda ya konzo, imene inagwira anthu ambiri ku Nampula, ku Mozambique, pa chilala cha 1981 chifukwa chodya chinangwa chowawa chosaviikidwa mokwanira. Nayonso imasankha maselo olamula miyendo, koma imabwera mwadzidzidzi ndipo sipitirira. Kusiyanitsa zonsezi si ntchito ya lumo.

Ndipo ngakhale atakhala MND yeniyeni, chimene chimapha ndi kufooka kwa minofu yopumira komanso kutsamwa. Tikadziwa msanga timaphunzitsa banja phala la kulimba kwake kotani, kumukhazika bwanji podya, kugona atatsamira, kulimbitsa ziwalo mosamutopetsa, ndi nthawi yoganizira za paipi yodyera kapena makina othandiza kupuma kumene alipo. Chimene sindikhululuka ndi chakumwa cha m'botolo chothiridwa mokakamiza m'kamwa mwa munthu amene lilime lake lafooka. Chimapita m'mapapo, ndipo chibayo chake ndachiona. Chimodzimodzinso ogulitsa makapusozi a "stem cell" pa WhatsApp ndi Facebook: palibe kapusozi yomeretsa ulusi wa mita kuchokera kumsana kufika kuphazi. Za kumtundu musathamangire kuloza chala, pakuti odwala pafupifupi 9 mwa 10 alibe wachibale amene anadwalapo.

Telala uja anabweranso komaliza ali pa chikuku, mawu atatha. Akazi awo ankandifotokozera zonse ngati mwiniwake palibe, mpaka anafika pa zogulitsa makina osokera kuti apite kwa munthu wina wa kutsidya amene "amachotsa". Ndinawapempha kuti aime kaye. Ndinagwada pamaso pa bambowo n'kunena kuti, "Bambo, mukafuna kuti inde yang'anani kumwamba, mukafuna kuti ayi yang'anani kukhomo. Makina agulitsidwe?" Maso anapita kukhomo, msangamsanga, kawiri. Mayiwo anagwira pakamwa. Kwa miyezi itatu anali asanawafunsepo kanthu.