Akafera kuphiri, akuti waphedwa: zoona zake n'ziti?

Mkulu wa kampani ya zamakompyuta akangofera kuphiri, m'magulu a WhatsApp mumayamba nyimbo yomweyo: akuti anachita kuphedwa chifukwa ankadziwa zinsinsi. Umboni satipatsa.

Mapiri ataliatali amapha okha, ndi kuzizira, kuchepa kwa mpweya komanso kugumuka kwa chipale (madzi oundana ndi kuzizira). Pa 25 Epulo 2015, chivomezi cha ku Nepal chinagumula chipale chomwe chinakwirira msasa wa anthu okwera phiri la Everest, ndipo mkulu wina wa Google anafera pomwepo. Chivomezi chomwecho chinapha anthu pafupifupi 9,000. Onsewo ankadziwa zinsinsi?

Musanatumize uthenga wotere, onani zomwe apolisi, opulumutsa anthu ndi achibale alengeza. Chithunzi chobwera ndi uthengawo chifufuzeni pa intaneti, chifukwa nthawi zambiri chimakhala chakale. Uthenga wosanena komwe wachokera, chonde musaupititse kwa ena. Kumbukirani kuti ofedwa nawonso amawerenga.