Chitseko chakale musachiwaze nkhuni

Mwezi wathawu bambo ena kuno ku Ulongwe, ku Angonia m'dziko la Mozambique, anandiitana kuti ndikawapangire tebulo lodyerapo. Tili mkati mokambirana mtengo, maso anga anagwa pa chitseko chimene chinatsamira khoma la khitchini. Anachizula chaka chatha poika chachitsulo, ndipo ana anali atayamba kale kuwazako nkhuni m'munsi mwake. Chinali chotuwa ngati phulusa. Ndinapempha mpeni n'kupala pang'ono pakona, ndipo mkatimo munatuluka kufiirira kwa mlombwa, umene pa Chipwitikizi timati umbila. Ndinati, "Bambo, tebulo lanu ndi ili. Auzeni anawa akafune nkhuni zina."

Ambiri amaganiza kuti thabwa lakale ndi lotha ntchito. Ife akalipentala timalifuna kuposa latsopano, ndipo chifukwa chachikulu ndi madzi. Thabwa longochekedwa kumene limakhala ndi madzi ambiri mkati. Likamauma limanyala m'lifupi, m'litali silisintha kwenikweni, ndipo ponyalapo limapindika kapena kung'aluka. N'chifukwa chake mpando wopangidwa kuno ku Angonia nthawi ya dzinja ndi matabwa aawisi, ukatsikira ku mzinda wa Tete kumene kutentha kwa mu Okutobala kumapitirira madigiri 40, umayamba kugwedera ndipo pamwamba pake pamatseguka mipata. Thabwa loyenera mipando ya m'nyumba liyenera kutsala ndi madzi pafupifupi magawo 12 pa 100 alionse a kulemera kwake. Kuti la mtengo wolimba lifike pamenepo pamafunika miyezi yambiri litasanjidwa pamthunzi, timitengo tili pakati kuti mphepo izidutsa. Chitseko chija chinauma kalekale. Kupindika konse kumene chikanapindika chinapindika agogo akadali moyo.

Komanso mlombwa wotere lero muupeza kuti? Mtengowu umakula mwapang'onopang'ono kwambiri. Ukadali waung'ono umatha zaka zingapo ukuphukira ndi mvula n'kufota m'chilimwe, muzu wokha ukukula pansi, ndipo kuti ufike pochekedwa matabwa pamapita zaka makumimakumi. Ife tinaona ndi maso malole a zipika akutuluka m'nkhalango za Tete usana ndi usiku. Boma la Mozambique linaletsa kutumiza zipika kunja kuyambira mu 2017, chaka chomwecho linachita Operação Tronco yolanda mitengo yodulidwa mozemba, ndipo mu 2018 linaletsa kudula mitengo ya nkula, pau-ferro ndi mondzo. Mu 2022 mayiko a m'pangano la CITES, loteteza nyama ndi zomera zakutchire pa malonda a pakati pa mayiko, anaika mlombwa, chanfuta ndi mbawa za mu Africa pa mndandanda wa mitengo yogulitsidwa kunja ndi chilolezo chapadera. Malamulowa anabwera mitengo ikuluikulu itapita kale. Yambiri imene yatsala pafupi nafe ili m'zitseko, m'mafelemu a mawindo ndi m'mabedi othyoka amene tikusonkhera moto.

Koma si thabwa lililonse lakale limene ndimalola kulowa m'shedi mwanga. Mitanda yakale ya njanji, ngati imene imapezeka cha ku Moatize, ndi mapolo akuda a magetsi, zambiri zinanyikidwa m'mankhwala a creosote, onunkha ngati phula. Mapolo obiriwira anathiridwa mankhwala okhala ndi poizoni wa arsenic. Zimenezi musapangire tebulo, bedi kapena kampando ka mwana, ndipo musaphikire, chifukwa utsi ndi phulusa lake n'zoopsa. Mapaleti onyamulira katundu m'malole ali ndi chidindo pambali. Pakalembedwa HT ndiye kuti anangowatenthetsa kuti tizilombo tife, amenewo ndimatenga. Pakalembedwa MB anawafukiza ndi mankhwala ophera tizilombo a methyl bromide, ndimawasiya, limodzi ndi aliwonse amene anatayikira oyilo kapena mankhwala osadziwika. Penti yakale yosupuka ikhoza kukhala ndi mtovu, choncho ndimaipala itanyowa, panja, nditavala chotseka mphuno, ana ali kutali. Thabwa limene likutuluka ufa m'timabowo lafumbwa ndipo tizilombo tikadalimo. Nthawi zambiri timadya mbali yoyera yakunja, ndiye ndimadula imeneyo n'kusunga mtima wofiirawo.

Kapangidwe nakonso kamasintha. Ndi matabwa ogula ndimayamba kujambula kenako n'kukagula. Ndi akale ndimayamba kuyeza zimene zilipo, chithunzi chimabwera pambuyo. Chitseko cha bambo aja chinapereka matabwa anayi abwino, ofupikirapo chifukwa cha nkhwangwa ya ana ija, choncho tebulo linakhala la anthu anayi m'malo mwa asanu ndi mmodzi amene ankafuna. Mlombwa ndinauika pamwamba, pamene maso ndi manja zimafika. Miyendo ndi mitanda yapansi ndinapangira bulugama wouma wa m'munda mwawo momwemo. Bulugama ndi wolimba, kungoti amang'aluka akauma mothamanga, ndipo safuna kukhomedwa msomali usanaboole. Paini, malaina ngakhale mtengo wa mango wosiya kubala zimakwana bwino pa mashelefu ndi kumbuyo kwa kabati, bola chiswe chisazifike.

Polumikiza sindidalira misomali yokha. Ndimaboola mwendo, kulowetsamo mutu wa mtanda, kuthira guluu n'kukhomera kachikhomo kamtengo. Mwendo ukadzathyoka, mmisiri wina adzachotsa umodziwo n'kuika wina, tebulo lonse osataya.

Chimene chimandipweteka ndi pamene munthu akuti, "Popeza matabwawo ndi anga, mundichotsere theka la mtengo." Ndalama ya matabwa imachokadi, koma ntchito imachuluka. Chitseko chija ndinatha tsiku lathunthu ndikuzula misomali yadzimbiri, ndikuyendetsa maginito pathabwa lililonse, ndipo umodzi wobisika unandibenthulabe mpeni wa pulena. Mabowo aakulu ndinatseka ndi utuchi wa mlombwa womwewo wosakaniza ndi guluu.

Pamene panali loko ndinafuna kuikapo chigamba, koma mayi a m'nyumbamo anakana. Anati chitsekocho anachipanga ndi apongozi awo pomanga nyumbayo, ndipo akufuna zidzukulu zizipaona. Ndinangopasalaza ndi sandipepa n'kupaka vanishi, bowo la kiyi lili pomwepo pakona ya tebulo.